Kwacha inagwa yokha kapena anaigwetsa? Yang'anani mneni

Achemwali, mwafunsa kuti zimatheka bwanji nkhani ya m'nyuzipepala kukhala yopanda bodza ngakhale limodzi koma nkukusiyani mutatenga mbali musakudziwa. Mwati munawerenga nkhani imodzimodzi m'malo awiri, kwina mtima unawawa, kwina munangoti ndi mmene zimakhalira. Ine poyambira panga ndi pa mneni, chifukwa m'Chichewa mneni ndi amene amaulula ngati pali wina amene wachita chinthu kapena chinthucho changochitika chokha.

Kumbukirani za kwacha mu Novembala 2023. Pa 9 mwezi umenewo banki yaikulu ya Reserve inasintha mtengo wa dola ya ku America kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Mkonzi atha kulemba mutu wa nkhaniyi m'njira zitatu, ndipo palibe imene mungamugwire nayo bodza. Atha kulemba kuti "Kwacha yagwa". Atha kulemba kuti "Kwacha yachepetsedwa mphamvu". Athanso kulemba kuti "Boma lagwetsa kwacha".

Mutu woyambawo mulibe munthu. Chimene chimagwa chokha ndi mango kapena mvula, ndipo palibe amene amapita kukafunsa mtengo wa mango chifukwa chake. Wowerenga amadandaula koma alibe woti amuloze chala. Wachiwiri ukuvomera kuti pali dzanja limene lagwira ntchito, koma msintho wochitidwa uja, ka -edwa kaja, kabisa mwini dzanjalo. Wachitatu wangowonjezera ka -etsa pa mneni yemweyo, kugwa kwasanduka kugwetsa, ndipo nthawi yomweyo pafunika wogwetsa. Ngakhale pamenepo pali kusankha: kulemba kuti "boma" kukupititsa mkwiyo kwa andale, kulemba kuti "banki yaikulu" kukuupititsa kwa akatswiri a zachuma amene sitiwavotera. Akuluakulu a boma nthawi imeneyo ankakonda mawu achingerezi akuti "realignment", amene amamveka ngati kuwongola chinthu chimene chinali chitapendekeka. Mawuwo sanali opanda maziko, poti pamsika wachinsinsi dola inali itadutsa kale mtengo wa kubanki. Koma mayi wogula mafuta ophikira pa Ndirande samva kuwongoka kulikonse m'thumba mwake, ndipo mtolankhani amene wangotenga mawuwo nkuwayika ngati ake watengera limodzi ndi maganizo a amene anawasankha.

Tsiku lotsatira, pa 10 Novembala, petulo anachoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita. Apanso funsani: "mafuta akwera" kapena "MERA yakweza mafuta" (MERA ndi bungwe la boma loona za mitengo ya mafuta ndi magetsi)? Masiku ochepa pambuyo pake bungwe la IMF, limene limabwereketsa ndalama kumayiko, linavomereza kupatsa Malawi ngongole ya madola pafupifupi 175 miliyoni. Nkhani imene yaika za IMF m'ndime yoyamba ikukuuzani kuti ululuwu ndi mankhwala. Imene yayamba ndi mtengo wa minibasi nkuika za IMF kumapeto ikukuuzani kuti ululuwu ndi bala. Mfundo zake ndi zomwezo, koma ambirife sitifika kumapeto kwa nkhani, makamaka pa foni.

Ngakhale nambala ili ndi mbali yake, ndipo izi ambiri sitizilabadira. Tonse tinamva za 44 peresenti. Nambala imeneyo ikunena za kukwera kwa mtengo wa dola: K520 imene inawonjezereka pa K1,180. Mukawerengera mphamvu imene kwacha inataya poyerekeza ndi dola, mupeza pafupifupi 31 peresenti. Zomwezi zinachitika mu Meyi 2012, mayi Joyce Banda atangotenga utsogoleri, pamene dola inachoka pa K168 kufika pa K250. Ena analemba kuti 49 peresenti, ena analemba kuti gawo limodzi mwa magawo atatu. Onse anawerengera bwino. Wofuna kuti mudzidzimuke amatenga yaikuluyo, wofuna kuti mtima ukhale m'malo amatenga yaing'onoyo, ndipo nthawi zina mtolankhani amangokopera imene yabwera m'chikalata osaganizako nkomwe.

Pamene nkhaniyi imandikhudza kwambiri ndi pa imfa za anthu. Pa 20 Julaye 2011 anthu anatuluka m'misewu ya Mzuzu, Lilongwe, Blantyre ndi Karonga kudandaula za kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja komanso kayendetsedwe ka boma la Bingu wa Mutharika. Anthu 20 anataya miyoyo, ambiri mwa iwo ndi zipolopolo za apolisi. Masitolo anathyoledwadi masiku amenewo, choncho wolemba kuti "zipolowe" ali ndi poyimira, wolemba kuti "zionetsero" nayenso ali ndi poyimira. Koma mukawerenga kuti "anthu afa pa zipolowe", mtima umafulumira kuganiza kuti anadziputira okha. Chiganizocho chachotsa mfuti, chachotsa wowombera, chasiya maliro opanda mwini. Kwa mayi amene anaika mwana wake kumanda a Zolozolo ku Mzuzu, kusiyana kwa "anafa" ndi "anaphedwa" si nkhani ya galamala ayi.

Pali malo amodzi pamene ndimawaikira kumbuyo atolankhani. Akalemba kuti munthu "akuganiziridwa kuti anaba", anthu pano timakwiya kuti akumuteteza. Ayi ndithu, khoti lisanagamule sangalembe kuti ndi wakuba, ndipo lamulo lomwelo limatiteteza ife tonse. Chofunika kuona ndi chakuti kodi ulemu umenewo akuupereka mofanana. Wakuba nkhuku amatchedwa mbava tsiku lomwe wagwidwa, pamene wa ndalama za boma timamva kuti ndalama "zasowa" kapena "sizinayende bwino", ngati zili ndi miyendo.

Timawu tobweretsa zolankhula nato tiyang'anitsitseni. "Wati" ndi mawu osalowerera. "Waulula" akutanthauza kuti zimene wanenazo ndi zoona ndipo zinali zobisika. "Wavomera" akusonyeza kuti anapanikizidwa. "Wakanitsitsa" amachititsa munthu kuoneka wamakani, "wang'alula" amamupatsa ungwazi. Nduna ikamangoti "yafotokoza" pamene wotsutsa akungoti "wadandaula" kapena "walalata", mwadziwa kale amene nyuzipepalayo ikumuona ngati wanzeru.

Ndiye mukabwerera ku nkhani zanu ziwiri zija, tengani cholembera mudule mzere pansi pa mneni aliyense wa m'mutu ndi m'ndime yoyamba, ndipo pa aliyense mufunse kuti wachita ndani. Muonenso amene wapatsidwa mpata woyamba kulankhula ndi amene wakankhidwira kumapeto ndi mzere umodzi. Ngati mukadali nayo mitu yake, iyikeni pano tiyiunike limodzi, ndikufuna ndione kuti mneni anamuika bwanji.