Masomphenya a sekondale ya ana osiyana mitundu: muyambire pati?

Mwati komiti yanu yapatsidwa ntchito yolemba masomphenya, mfundo zoyendetsera sukulu ndi zolinga za sekondale imene ili ndi ana a mitundu, zilankhulo ndi zipembedzo zosiyanasiyana, ndiye mukufunsa poyambira. Yankho likhala lalitali ndithu, mundipirire.

Musiyanitse kaye zinthu zitatuzi, chifukwa makomiti ambiri amaziphatikiza. Masomphenya ndi chiganizo chimodzi kapena ziwiri zonena za mtundu wa munthu amene mukufuna kuti azituluka pasukulupo. Mfundo ndi makhalidwe amene aliyense, kuyambira mphunzitsi wamkulu mpaka mlonda, ayenera kutsata; zisapose zisanu, apo ayi palibe adzazisunge m'mutu. Zolinga ndi zimene mungathe kuziwerenga n'kuziikira tsiku. "Kulemekezana" ndi mfundo. "Pofika kumapeto kwa teremu yachiwiri, kalasi iliyonse izichita ntchito ya m'magulu osakaniza kamodzi pa sabata" ndicho cholinga. Mfundo imene mwalephera kuipezera cholinga chotere idzangokhala chokongoletsa khoma.

Musalembe muli atatu mu ofesi. Kumanani ndi makolo ndi ophunzira m'timagulu ta anthu osaposa khumi, ndipo pakhale womasulira kwa amene chilankhulo cha sukulu chimawavuta. Pa msonkhano waukulu amene amalankhula ndi a gulu lochuluka, ochepawo amangogwedeza mutu n'kumapita. Afunseni molunjika: mwana wanu amamva kuti ndi mlendo pa malo ati, nthawi iti? Mayankho a funso limenelo ndiwo mbewu ya zolinga zanu.

Maziko alipo kale. Pangano la United Nations la ufulu wa ana la mu 1989, pa ndime 29, limati maphunziro aziphunzitsa mwana kulemekeza chikhalidwe ndi chilankhulo chake komanso cha anthu ena, ndipo ndime 30 imateteza mwana wa gulu lochepa kuti asaletsedwe chilankhulo, chipembedzo ndi chikhalidwe chake. Lipoti la mu 1996 la UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro, la komiti yotsogozedwa ndi Jacques Delors, linaika kuphunzira kukhalira limodzi pakati pa nsanamira zinayi za maphunziro.

Apa ndi pamene ndikufuna mutchere khutu. Kungoika ana osiyana pa bwalo limodzi sikuthetsa tsankho. Nthawi yopuma mudzawapeza atakhala m'magulumagulu, aliyense ndi akwawo. Katswiri wa za maganizo a anthu Gordon Allport anafotokoza mu 1954 kuti kukumana kumachepetsa tsankho ngati anthuwo akuonedwa ofanana, ali ndi cholinga chimodzi, akudalirana, ndiponso akuluakulu akuonetsa poyera kuti akuzifuna zimenezo. Elliot Aronson anapanga njira yochitira zimenezi m'kalasi mu 1971, m'masukulu a mu mzinda wa Austin, ku Texas m'dziko la America, amene anali atangosakaniza ana a mitundu yosiyana. Imayenda chonchi. Mphunzitsi amaika ana m'magulu a asanu kapena asanu ndi mmodzi, osakaniza, n'kudula phunziro m'zigawo zofanana ndi chiwerengero chawo. Mwana aliyense amatenga chigawo chake, amakakumana ndi anzake a m'magulu ena amene ali ndi chigawo chomwecho, amachimvetsa bwino, kenaka amabwerera kukaphunzitsa gulu lake. Mayeso amalemba aliyense payekha, pa phunziro lonse. Ndiye amene akufuna kukhoza sangachitire mwina koma kumvetsera mnzake amene poyamba ankamuseka kalankhulidwe. Zimalakwika mphunzitsi akalola ana kusankha okha magulu, kapena akapereka malikisi amodzi ku gulu lonse, chifukwa wanzeru mmodzi amangosenza zonse enawo n'kukhala oonerera.

Nkhani ya chilankhulo ikhale ndi cholinga chakechake. Jim Cummins, wofufuza wa ku Canada, anaonetsa kuti mwana amatha kucheza bwino m'chilankhulo chatsopano pakangotha zaka pafupifupi ziwiri, koma chilankhulo cha m'mabuku ndi m'mayeso chimamutengera zaka zisanu mpaka zisanu ndi ziwiri. Aphunzitsi amapusitsika apa: amamva mwana akulongolola pabwalo, akalephera mayeso n'kumati ndi waulesi kapena wopanda nzeru. Muyeseni kuwerenga ndi kulemba m'masabata awiri oyamba, mumuikire maphunziro apadera a chilankhulo kawiri kapena katatu pa sabata, ndipo mphunzitsi wa sayansi ndi wa masamu aziphunzitsanso mawu a phunziro lake. Musamuike m'kalasi ya ofooka chifukwa cha chilankhulo chokha. Ndipo kulanga mwana chifukwa walankhula chakwawo pa nthawi yopuma kukutsutsana ndi mfundo iliyonse imene mungalembe.

Za zipembedzo n'zosavuta mukayamba msanga. Chaka chisanayambe funsani makolo masiku awo opatulika ndi nyengo zosala kudya, musaikepo mayeso akuluakulu. Lamulo la yunifolomu lilembedwe pamodzi ndi makolo, ndipo linene momveka zimene zikuloledwa, kuti zisamadalire mtima wa mphunzitsi amene ali pa geti tsiku limenelo.

Tsiku la zikhalidwe kamodzi pachaka n'labwino, koma musaliyese cholinga. Zoona zake zili m'kaundula. Teremu iliyonse onani: akulangidwa kwambiri ndi a gulu liti, ndipo pa milandu yanji? Akusiya sukulu ndi ati? Atsogoleri a ophunzira, matimu a masewero, kalasi ya ochita bwino, muli ndani? Mukapeza kuti gulu lochepa ndilo ladzaza buku la zilango, kambiranani ndi aphunzitsi musanaloze chala ana, chifukwa nthawi zina chimene mwana waphunzira kunyumba ngati ulemu, monga kusayang'ana wamkulu m'maso, mphunzitsi wina amachiona ngati mwano. Ziwerengero zimenezi zisungidwe mwachinsinsi. Gulu likakhala la ana ochepa kwambiri musalitchule pa msonkhano, aliyense adzadziwa kuti mukunena ndani.

Mfundo imodzi isakhale yokambirana: chitetezo cha mwana. Kulemekeza zikhalidwe sikutanthauza kulola kumenya, kunyoza atsikana kapena kuchotsa mwana pasukulu kuti akakwatiwe. Sankhani aphunzitsi awiri, wamkazi ndi wamwamuna, olandira madandaulo a tsankho, mulembe kuti dandaulo liziyankhidwa pasanathe masiku asanu, ndipo ana onse auzidwe mayina awo.

Chaka choyamba tengani zolinga zitatu kapena zinayi zokha. Chilichonse chikhale ndi dzina la woyang'anira ndi tsiku lodzaunikanso, ndipo chikalatacho chimasuliridwe m'zilankhulo zimene makolo amawerenga musanachitumize kunyumba.