Mdzukulu Wanga Amakhoza Manambala, Koma Masamu a Nkhani Amamugonjetsa

FUNSO: Ndimakhala ku Mabvuku, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, ndipo ndikulera mdzukulu wanga wamkazi amene ali mu Giredi 6. Mukamupatsa manambala okhaokha kuti awonkhetse, achotsere kapena achulukitse, amakhoza bwinobwino. Koma samu ikangobwera ngati nkhani, yakuti uje anagula zakutizakuti, amangoti kakasi, kenako amatola manambala onse amene wawaona n'kuwawonkhetsa. Pakhomo timayankhula Chichewa, pabwalo amasewera m'Chishona, ndipo masamu amaphunzira m'Chingerezi. Kodi zinenero zitatuzi ndi zimene zikumusokoneza? Tisiye kuyankhula naye Chichewa? Chaka chamawa alemba mayeso a Giredi 7, ndiye mtima wanga suli m'malo. — Agogo a ku Mabvuku

YANKHO: Agogo, Chichewacho musachisiye, chifukwa ndi chimene chikuthandizeni pa ntchito imeneyi. N'zoona kuti mayeso a masamu a ZIMSEC, bungwe loyendetsa mayeso a sukulu ku Zimbabwe, amabwera m'Chingerezi, choncho mwanayo ayenera kuzolowera kuwerenga mafunso m'chinenero chimenecho. Komabe zimene mwafotokozazi zimachitikiranso ana amene amayankhula Chingerezi chokhachokha kuyambira ali akhanda. Vuto lake lagona poti mwana amathamangira manambala asanaione nkhaniyo m'maganizo mwake.

Mu 1977, mphunzitsi wina wa ku Australia, Anne Newman, anafufuza mmene ana amalakwitsira masamu a mtundu umenewu, ndipo anapeza kuti zolakwa zambiri zimachitika mwana asanafike n'komwe powerengetsera. Iye anaonetsa kuti mwana amadutsa masitepe asanu: kuwerenga funso, kulimvetsa, kusankha njira, kuwerengetsera, ndi kulemba yankho. Mdzukulu wanu sitepe yachinayi anaigwira kale, ndipo n'chifukwa chake kumuonjezera masamu a manambala okhaokha sikungasinthe kanthu. Pofunika mphamvu zanu ndi pa sitepe yachiwiri ndi yachitatu.

Madzulo mukatha kudya, mupatseni funso limodzi lokha la m'buku lake. Aliwerenge mokweza m'Chingerezi, kenako atseke bukulo, aike pensulo pansi, akufotokozereni m'Chichewa zimene zikuchitika, ngati akukusimbirani zimene waona kumsika. Musamulole kutchula yankho. Mufunseni kuti m'nkhaniyi muli ndani, wachita chiyani, nanga chimene sitikuchidziwa n'chiyani. Akalephera kufotokoza, ndiye kuti mwapeza pamene pali chotupa, ndipo palibe chifukwa choti agwire pensulo asanawerengenso. Inuyo simufunika kudziwa Chingerezi chambiri kuti muchite zimenezi, pakuti nkhani yosamveka mutu wake mungaizindikire nokha.

Ndikuchenjezeni za chizolowezi china chimene chafala pakati pa ana, ndipo nthawi zina amachitengera kwa akuluakulu ofuna kuwathandiza mwachidule. Ana amauzidwa kuti akaona mawu otanthauza "kuposa" awonkhetse, akaona otanthauza "kutsala" achotsere. Ine njira imeneyi ndimaikana, chifukwa imaphunzitsa mwana kusaka liwu limodzi m'malo momva nkhani yonse. Taonani funso ili: Chikondi ali ndi mango 15, ndipo ali ndi mango 6 kuposa Tendai. Kodi Tendai ali ndi mango angati? Mwana wosaka mawu awonkhetsa n'kupeza 21, pamene yankho ndi 9. Mukanamufunsa kaye kuti mwa awiriwa ali ndi ambiri ndani, akanayankha kuti ndi Chikondi, ndipo akanaona yekha kuti Tendai sangakhale ndi 21.

Akamvetsa nkhaniyo, ajambule. Sindikunena zojambula anthu ndi mitengo ayi, koma timizere chabe. Pa funso la mangoli, ajambule mzere wautali wa Chikondi n'kulemba 15 pamwamba pake, pansi pake ajambule mzere waufupi wa Tendai, ndipo pa mpata umene watsala kuti mizere iwiriyo ifanane alembe 6. Akangoyang'ana chithunzicho, kuchotsera kumaonekera kokha popanda womuuza. Sukulu za ku Singapore zakhala zikuphunzitsa ana kujambula timabokosi totere kuyambira m'zaka za m'ma 1980, ndipo njirayi yafalikira m'mayiko ambiri. Ngati pepala lasowa, nyemba, zitsekerero za mabotolo kapena kulemba pansi ndi kamtengo zimagwira ntchito yomweyo.

Mafunso a Giredi 6 ndi 7 kawirikawiri amabisa funso lina m'kati mwake, ndipo apa m'pamene ana otola manambala amagwera. Tiyerekeze kuti mayi wina wapikula madengu atatu a tomato ku Mbare Musika, msika waukulu wa mu Harare, pa mtengo wa $8 dengu limodzi, walipira $2 kwa woyendetsa ngolo, ndipo atagulitsa tomato yense wapeza $35. Funso likufuna phindu lake. Mwana sangapeze phindu asanadziwe ndalama zonse zimene mayiyo anawononga, ngakhale kuti funsolo silinatchule zimenezo poyera. Choncho ayambe ndi madengu, omwe ndi $24, awonjezere za ngolo zikhale $26, ndiyeno achotse pa $35 kuti apeze $9. Onaninso kuti nambala ina, ya madengu atatu, yalembedwa m'mawu, ndipo mwana wongosaka manambala amaidumpha. Mumuzoloweze kulemba pambali pa nambala iliyonse chimene ikuimira, monga "$24, mtengo wa madengu", chifukwa pa mafunso ofuna kuonetsa njira, wochonga amafuna kuona mmene mwana wayendera, osati yankho lokha.

Chomaliza n'chakuti asatseke kope asanabwezere yankho lake m'nkhani muja. Akapeza kuti phindu ndi $45, mufunseni modekha ngati munthu amene wagulitsa katundu wa $35 angapindule ndalama zoposa zimene walandira. Musamukalipire akalakwa, pakuti mwana wamantha amalemba msanga kuti athane nazo. Funso limodzi kapena awiri pa tsiku, opendedwa bwino chonchi, ndi okwanira, ndipo nthawi ilipo yambiri mayeso asanafike. Mukamutuma kukagula buledi kapena mafuta ophikira, muuzeni awerengetsere chenji asananyamuke, ndipo tsiku lina mumupemphe kuti apeke yekha funso lake kuchokera pa zimene wagulazo, inu muyankhe.

FUNSO: Mwana wanga wa Giredi 5 anapatsidwa samu yakuti ana 50 akupita kukaona nyama, ndipo kombi imodzi imanyamula ana 18, ndiye pakufunika makombi angati. Iye analemba kuti 2, kutsala 14, koma aphunzitsi anamuthetha. Ine ndawerengetsera ndipo ndapeza zomwezo. Kodi aphunzitsiwa sanamulakwire? — Bambo wa ku Mufakose

YANKHO: Bambo, kugawako mwanayo anakhoza, koma aphunzitsi sanalakwe. Funso silinafunse zotsatira za kugawa 50 ndi 18, lafunsa chiwerengero cha makombi, ndipo ana 14 otsalawo sangasiyidwe pa geti la sukulu. Pakufunika kombi yachitatu ngakhale kuti sidzadza, choncho yankho ndi 3. Mumuonetse mwanayo kuti zotsala zimasamalidwa mosiyana malinga ndi nkhani. Funso likanakhala lakuti telala ali ndi nsalu ya mamita 50 ndipo katani imodzi ya m'holo imadya mamita 18, yankho likanakhala makatani 2, chifukwa mamita 14 sakwanira katani ina. Likanafunsa kuti mu kombi yomaliza mukwera ana angati, yankho likanakhala 14 yemweyo. Mupatseni mafunso atatuwa tsiku limodzi, manambala ake osasintha, ndipo pa lililonse akuuzeni chimene achite ndi zotsalazo asanalembe yankho.