Kabawi wa pabwalo la abwana ndimujambule bwanji?

FUNSO: Achimwene, ndimasamalira maluwa panyumba ina ku Northcliff. Kawirikawiri kumabwera kabawi wotuwa kudzagwira njiwa pamalo amene timathirira mbalame mbewu. Ndinagula kamera yakale yokhala ndi lens ya 70-300mm, koma zithunzi zimangotuluka mbuu. Mnzanga akuti ndimangirire mwanapiye pa kapinga kuti kabawiyo atere pafupi. Nditani? — Wowerenga, Northcliff

YANKHO: Za mwanapiyezo ayi, achimwene, musayerekeze. Ndi nkhanza, komanso kabawi wozolowera kudyetsedwa ndi anthu amasiya kuopa, mapeto ake amagwidwa ndi galu kapena kuwomba galasi la pawindo. Pabwalopo njiwa zilipo kale, iye akudziwa ntchito yake.

Mbalame mukunenayo ikhoza kukhala Ovambo Sparrowhawk, amene wachuluka m'madera a mitengo yambiri muno mu Johannesburg ndipo amakonda kumanga chisa m'mitengo yaitali monga bulugama. Muyang'ane pachifuwa: ali ndi timizere totuwa topingasa. Ngati ndi wamng'ono ngati njiwa yomweyo, ali ndi madontho awiri oyera kumchira, ameneyo ndi Little Sparrowhawk. Mwa onsewa wamkazi ndiye wamkulu thupi.

Vuto loyamba ndi kamera. Ikani pa S, kapena Tv ngati ndi Canon, pamene mumasankha nokha liwiro la shutter, kachitseko kolowetsa kuwala mu kamera; liwirolo likhale 1/2000 ya sekondi. ISO, imene imawalitsa chithunzi koma ikakwera imabweretsa timchengamchenga, muisiye pa Auto, ngakhale itafika 3200 musadandaule. Chithunzi cha timchengamchenga chimaposa chithunzi chogwedezeka. Focus ikhale yotsatira chinthu choyenda, AF-C pa Nikon ndi Sony, AI Servo pa Canon, ndipo kamera izijambula motsatizana mukapanikiza batani. Dzuwa likhale kumsana kwanu.

Koma ndinene zoona, zonsezi sizikwanira. Kabawi wamtundu umenewu sikuti amangozungulira kumwamba ngati mphamba uja tinkamukuwiza kumudzi akafuna anapiye. Amabisalanso mkati mwa mtengo wa masamba ambiri, chete, kenaka n'kutulukira chapansipansi kuseri kwa mpanda. Mukamuona ndi maso ndiye kuti mwachedwa kale. Choncho phunzirani kumvetsera. Apumbwa akayamba kulalata onse pamodzi, kapena pabwalo pakangoti zii mwadzidzidzi njiwa n'kubalalika, nyamulani kamera. Inu muli ndi mwayi umene ojambula a makamera odula alibe: mumakhala pabwalopo tsiku lonse. Muzisunga m'mutu nthambi imene amaterapo, mbali imene amatulukira, ndi nthawi yake. Kabawi amabwereza njira imene inamupatsapo chakudya.

Ine ndimalangiza oyamba kumene kuti asalimbane ndi mphindi yogwirayo. Dikirani agwire. Akatero amatera pansi, n'kutambasula mapiko kuphimba nyama yake, kenaka amayamba kuisosola nthenga, nthawi zina kwa mphindi zambiri. Apa ndiye pali chithunzi: maso akuthwa, zikhadabo zitakanirira, nthenga zikuuluka ndi mphepo. Musathamangire. Khalani pansi pomwe mulipo, kapena jambulirani m'nyumba windo lili lotsegula, chifukwa galasi limawononga chithunzi. Lunjikani focus padiso. Akasiya kudya n'kumakuyang'anitsitsani, mwayandikira kwambiri, bwererani. Akathawa n'kusiya nyamayo ndiye kuti njiwa ija yafera chabe ndipo iye agona ndi njala.

Miyezi ya June ndi July ndi yabwino kuno, kumwamba kulibe mitambo ndipo mitengo yambiri yayoyola masamba. Nyengo ya mvula muziyang'ananso African Harrier-Hawk, wamkulu wa nkhope yachikasu, amene amalendewera pa zisa za atchete n'kumapisamo mwendo. Ameneyu sachita changu, lens yanuyo imukwanira. Mukapeza tsiku lopuma, pitani ku Walter Sisulu National Botanical Garden ku Roodepoort, kumene ziwombankhanga zakuda za Verreaux zimamanga chisa pathanthwe pafupi ndi mathithi. N'kwabwino kuphunzirira kutsatira mbalame ikuuluka.

Chinanso, mukambe ndi abwana anu za mankhwala a makoswe. Khoswe wodya poizoni safa pomwepo, amayenda mofooka, ndipo akadzidzi ndi mbalame zina zodya nyama zikamutola zimafa nazo. Auzeni atchere misampha m'malo mwake. Chodyera cha mbalame chija muchisunthire pafupi ndi zitsamba, kutali ndi mawindo akuluakulu, kuti wothawa ndi wothamangitsa yemwe asakawombe galasi.