Nyanja za m'mapiri kumene simungapanikizane ndi anthu: yankho kwa mlongo wa ku Kent

Ndalandira imelo kuchokera kwa mlongo wathu wina amene amakhala ku Kent, kummwera kwa Seattle, ndipo amagwira ntchito yosamalira okalamba. Mwachidule walemba motere: "Phiri ndinalikonda kalekale, nditakwera Mulanje ndili ku sekondale. Chaka chatha ndinapita ku Snow Lake ndi ku Colchuck Lake, koma konseko ndinapeza chinamtindi cha anthu, poimika galimoto patadzaza, ena akuliza nyimbo m'njira. Pano ndagula tenti ndi chikwama chakumsana, ndikufuna ndikagone m'mbali mwa nyanja ya pamwamba pa phiri kumene kuli zii. Maere a chilolezo chokagona ku nyanja za ku Enchantments sanandigwere. Ndimapuma Lachiwiri ndi Lachitatu basi. Ndilowere kuti?"

Achemwali, zikomo pondilembera. Ndiyambe ndi mawu anu omalizawo. Kupuma Lachiwiri ndi Lachitatu ndi mwayi umene anthu ambiri a m'maofesi a ku Seattle amaulakalaka. Khamu limene munaliona lija ndi la Loweruka ndi Lamulungu. Njira yomweyo Lachiwiri m'mamawa mumangokumana ndi anthu apo ndi apo, ndipo ambiri a iwo pofika madzulo amakhala atabwerera kumagalimoto awo. Masiku anuwo musawasinthanitse ndi mnzanu wa kuntchito.

Nyanja ziwiri munapitakozo zimadzaza pa zifukwa zodziwika. Snow Lake ili pafupi ndi Snoqualmie Pass, ulendo wa ola limodzi pamsewu wa I-90, ndipo kupita ndi kubwera wapansi ndi makilomita osakwana 12. Colchuck Lake, kufupi ndi Leavenworth, ndi makilomita pafupifupi 13 kupita ndi kubwera, ndipo zithunzi za madzi ake obiriwira zili ponseponse pa Instagram. Msewu wabwino, mtunda waufupi, chithunzi chotchuka: zitatuzi zikakumana pamalo amodzi, anthu sangalephere kukhamukirako. Komatu dera lonselo la Alpine Lakes Wilderness, limene linakhazikitsidwa mu 1976 pakati pa Snoqualmie Pass ndi Stevens Pass, lili ndi nyanja zoposa 700. Anthu ambirimbiriwo amangozungulira pa zochepa zomwezomwezo.

Ndiye luso limene ndikufuna muphunzire ndi lowerenga mapu. Gulani mapu apepala a Green Trails, kapena tsegulani CalTopo pakompyuta, mupeze nyanja yotchuka, kenako tsatirani njirayo ndi chala kupitirira pamenepo. Kawirikawiri kuseri kwa nyanja yotchuka kumakhala ina. Snow Lake yomweyo ndi chitsanzo chabwino. Mukadutsa pamene anthu amakhala pamiyala n'kumadya kamba wawo, njira imapitirira m'mbali mwa nyanjayo, imawoloka mtsinje wotuluka m'nyanjamo pa mlatho wa chipika, n'kukwera makilomita atatu kapena kuposerako pang'ono kukafika ku Gem Lake. Kumeneko anthu amakhala atachepa kale. Kuchoka pa Gem Lake njira imatsetsereka kwambiri kupita ku Wildcat Lakes, ndipo apa ndi pamene ambiri amabwerera, chifukwa palibe amene amafuna kutsika mtunda umene adzayenera kuukweranso mawa atasenza katundu. Mukaona pamapu kuti njira ikukwera kenako n'kutsika isanafike kunyanja, dziwani kuti mtsetse umenewo wakuchotserani kale anthu ambiri.

Chinanso chimene chimabweza anthu ndi njira yosasangalatsa poyambira. Necklace Valley, kufupi ndi Skykomish pamsewu wa Highway 2, imayamba ndi makilomita asanu ndi atatu a m'nkhalango yowirira motsata mtsinje wa East Fork Foss, osaona phiri ngakhale limodzi. Kenako pamabwera chitunda choti munthu n'kufunsa amene anakutuma, mamita oposa 700 m'makilomita asanu okha, pa mizu ndi miyala yoterera. Koma mukafika pamwamba nyanja zimangondondozana: Jade, Emerald, Opal, Ilswoot, Locket. Mukapeza tenti ya wina pa yoyamba, mumangopitirira ku yotsatira. Loweruka la mu Ogasiti nakonso kumakhala anthu, sindikunamizani, koma pa masiku anuwo mungathe kudzuka m'mawa nyanja yonse muli nokha. Ulendo umenewu musauyambirepo. Ukhale wachitatu kapena wachinayi, miyendo itazolowera chikwama.

Mukadzapeza masiku anayi kapena asanu, wolokani mapiri pa Highway 20 kupita ku chigwa cha Methow. Kutalika kwa msewu nako kumasefa anthu, chifukwa kuchoka ku Seattle kukafika ku Twisp ndi maola oposa anayi. Kumeneko kuli Lake Chelan-Sawtooth Wilderness, ndipo mkati mwake muli nyanja zitatu za Oval Lakes. Ndikukuuzani za zimenezi makamaka chifukwa cha maere amene sanakugwereni. Chimene anthu ambiri amalimbiranira ku Enchantments ndi mitengo ya larch, imene masamba ake osongoka amasanduka achikasu ngati golide kumapeto kwa Sepitembala ndi kumayambiriro kwa Okutobala asanayoyoke. Mitengo yomweyo yazungulira Oval Lakes, ndipo kumeneko kulibe maere. Kumpoto kwake, m'malire ndi Canada, kuli Pasayten Wilderness, kumene Cathedral Lakes zili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchoka posiya galimoto, mbali ina mukudutsa m'nkhalango imene inapsa ndi moto. Kumeneko ndi kwa m'tsogolo.

Za chilolezo zisakuopseni. Mwa malo ndatchulawa, ku Enchantments kokha, kuphatikizapo Colchuck Lake imene ili m'dera lomwelo, ndi kumene kugona kumafuna chilolezo cha maere kuyambira pa 15 Meyi mpaka pa 31 Okutobala, ndipo kulembetsa kumachitika pa Recreation.gov kuyambira pakati pa Febuluwale. Lembetsaninso chaka chamawa, musankhe masiku a m'kati mwa sabata. M'malo ena onse ndatchulawa chilolezo mumadzilembera nokha. Poyambira njira pamakhala kabokosi kathabwa, mkati muli timapepala ndi pensulo yomangidwa pa chingwe. Mumalemba dzina, tsiku ndi kumene mukagone, mbali imodzi mumaponya m'bokosimo, inayo mumamangirira pachikwama. Sikalipiritsa. Cholipira ndi Northwest Forest Pass, chiphaso choimikira galimoto poyambira njira, madola 5 pa tsiku kapena 30 pa chaka.

Nyengo ndiyo imapusitsa anthu ambiri ochokera kwathu. Ku Seattle dzuwa likamaswa mtengo mu Juni, nyanja zapamwamba zimakhala zidakali zokutidwa ndi chipale, ndipo m'malo ena chimasungunuka pakati pa Julayi. Chikangosungunuka udzudzu umabuka, wochuluka moti munthu umadyera chakudya m'tenti. Ulibe malungo, koma ungakuthamangitseni. Mu Ogasiti udzudzu umachepa, vuto limakhala utsi wa moto wa m'nkhalango, makamaka kum'mawa kwa mapiri, ndipo misewu ina imatsekedwa. Ine ndimakonda masabata otsatira Labor Day, Lolemba loyamba la Sepitembala, ana atatsegulira sukulu. Masana kumafunda bwino, koma usiku madzi a m'botolo angathe kuundana, ndiye chikwama chanu chogonamo chikhale chopirira kuzizira kotero. Musananyamuke werengani zimene anthu alemba pa webusaiti ya Washington Trails Association. Amene anayenda njirayo dzulo kapena dzana amanena ngati chipale chatha, ngati mtengo wagwera pamsewu, ndiponso magalimoto anali angati. Njira imene pa mwezi wathunthu alembapo anthu awiri okha ndi imene mukuifunayo.

Tsopano mbali imene ikundidetsa nkhawa, poti mwalemba ngati mukufuna kupita nokha. Pa Mulanje munali ndi wokulondolerani njira wa ku Likhubula, ndipo mutafika ku Chambe kapena ku Lichenya munapeza nyumba, mlonda atasonkha kale moto. Kuno kulibe zimenezo. Kumene kulibe khamu kulibenso wokunyamulani mukabinya phazi, ndipo netiweki ya foni imathera pamsewu waukulu. Maulendo oyamba pitani awiri. Uzani munthu wodalirika njira imene mwatenga ndi ola limene ayambe kuimba 911, nambala ya zangozi, mukapanda kumveka. Ngati thumba likulola, gulani kachipangizo kotumiza uthenga kudzera pa satelayiti monga Garmin inReach. Madzi a m'nyanjazi, ngakhale aoneke oyera bwanji, asefeni kapena awiritseni. Chakudya chonse, ngakhale mankhwala otsukira mano, chisagone m'tenti: ikani m'chigubu cholimba chimene chimbalangondo sichingatsegule, patali ndi pamene mwagona. Mbuzi za m'mapiri nazo zimasowa mchere ndipo zimatsatira anthu kuti zinyambite mkodzo, choncho kodzani pamwala, chifukwa mukakodza pa zomera zimakumba mpaka mizu.

Mwina mwaona kuti nyanja zonse ndatchulazi zili ndi njira yolambulidwa ndipo zili pamapu. Zilipo zina zing'onozing'ono zopanda njira, ndipo sindizilemba pano dala. Zomera za pamwamba pa mapiriwa zimakhala ndi miyezi iwiri kapena itatu yokha yokulira pa chaka, ndipo pamene tenti zakhomedwa mobwerezabwereza pamatsala dothi lokhalokha kwa zaka zambiri. Ndinaonapo kanyanja kena katasinthiratu chithunzi chake chitafala pa intaneti: tinjira tatsopano paliponse, mapepala a kuchimbudzi atapanikizidwa pansi pa miyala, phulusa pamalo poletsedwa moto. Zinandipweteka mtima. Ku Alpine Lakes Wilderness moto ndi woletsedwa pamwamba pa mamita 1,200 kumadzulo kwa mapiri ndi mamita 1,500 kum'mawa, ndiye nyamulani kasitovu ka gasi. Khomani tenti pamene ena anakhomapo kale. Ngati palibe chimbudzi chathabwa chija amaika kuseri kwa mitengo, kumbani kadzenje mamita 60 kuchoka pamadzi, ndipo pepala mubwerere nalo m'kajumbo.

Ulendo wanu woyamba ndingaukonze chonchi. Sankhani Lachiwiri la sabata yachiwiri ya Sepitembala, mufike poimika galimoto pa Alpental, poyambira njira ya ku Snow Lake, isanakwane 7 koloko m'mawa. Njira ya ku Snow Lake mukuidziwa kale, ndiye mtima udzakhala m'malo pamene mukuzolowera kulemera kwa chikwama. Pitirirani mpaka ku Gem Lake, mukhome tenti masana, ndipo ngati miyendo ikulola mutsikire ku Wildcat opanda katundu n'kubwerera kusanade. Lachitatu masana mudzakhala muli ku Kent, nthawi yochapa ndi kugona mokwanira musanalowe shifiti ya Lachinayi.