Kodi Malamulo a Laisensi ya Mwana Amathera Pamalire?

FUNSO: Zikomo akonzi. Ine ndimakhala ku South Bend, m'chigawo cha Indiana ku America. Mwana wanga wamwamuna wa zaka 16 watenga laisensi mwezi wathawu. Loweruka akufuna kunyamula anzake atatu kupita kuphwando ku Niles, m'chigawo cha Michigan, ulendo wosakwana theka la ola. Ndamuletsa, koma iye akuti malamulo a Indiana amathera pamalire. Kodi akunena zoona? — Mayi wodandaula, South Bend

YANKHO: Mayi, makiyiwo asungeni kaye m'chikwama. Mnyamatayo wanama, kapena anzake amunamiza.

Kwathu laisensi imodzi imayenda kuchokera ku Nsanje mpaka ku Chitipa, ndiye nkhani yoteroyi siyibuka n'komwe. Ku America chigawo chilichonse chili ndi malamulo ake, koma laisensi ya mwana wanu inaperekedwa ndi Indiana pamodzi ndi ziletso zake. Kulikonse kumene khadilo lapita, ziletsozo zimalitsatira.

Ziletso zake n'zoti pa masiku 180 oyambirira saloledwa kuyendetsa kuyambira 10 koloko usiku mpaka 5 koloko m'mawa, pokhapokha ngati akupita kapena kuchokera kuntchito, kuzochitika za kusukulu kapena za kutchalitchi, kapena ngati munthu wamkulu woyenerera wakhala kumpando wakutsogolo. Phwando la anzake mulibe m'menemo, ngakhale atati pakhala pemphero lotsegulira. Pa masiku omwewo saloledwa kunyamula anzake popanda munthu wamkulu woyenerera atakhala kumpando wakutsogolo. Azibale ake a bere limodzi angathe kuwanyamula. Foni ndiye ayi mpaka atakwanitsa zaka 21, kupatula poimba 911, nambala yoitanira thandizo pangozi.

Chomwe chimandiseketsa n'chakuti ku Michigan komwe akuthawirako zinthu sizosiyana kwenikweni. Achinyamata akumeneko omwe ali ndi laisensi ya Level 2, yoyamba yoyendetsera okha, nawonso saloledwa pamsewu kuyambira 10 koloko usiku mpaka 5 koloko m'mawa, ndipo sanyamula munthu woposa mmodzi wosakwana zaka 21, kupatula apabanja. Wapolisi wa ku Niles akaona galimoto ya nambala ya Indiana itadzaza ana pakati pa usiku, nyimbo zili pamwamba, musaganize kuti angoyang'ana kumbali. Ndipo patachitika ngozi, anthu a inshuwalansi adzafunsa kuti inali nthawi yanji komanso munali ndani m'galimotomo. Inshuwalansiyo ndi yanu, Mayi, si ya mwanayo.

Ine ndimauza makolo kuti ayerekeze malamulo a zigawo zonse ziwiri, kenako mwana atsatire lomwe lili lokhwima kwambiri. Akadzafuna kupita ku Chicago, dziwani kuti ku Illinois osakwana zaka 18 amaletsedwa kuyendetsa kuyambira 10 koloko usiku Lamlungu mpaka Lachinayi, 11 koloko Lachisanu ndi Loweruka, mpaka 6 koloko m'mawa. New York ndiye sanyengerera: imanena poyera kuti mlendo wosakwana zaka 18 atsatire malamulo akwawo komanso a New York, ndipo wosakwana zaka 16 sayendetsa kumeneko ngakhale kwawo anamupatsa chilolezo.

Malamulowa amasinthasintha, choncho onani tsamba la pa intaneti la BMV, ofesi yopereka malaisensi ku Indiana, mnyamatayo ali pambali panu kuti adziwerengere yekha. Za Lowerukali, mukamusiye nokha ku Niles ndipo mumuuziretu nthawi yomwe mukamutenge.