Kodi ndi zoona kuti Edouard Mendy anali paulova ali ndi zaka 22?

Bambo ena a ku Bangula anditumizira kalata pa imelo yokhudza mwana wawo wa zaka 21, yemwe ndi goloboyi wa timu ya m'dera lawo, ndipo mpaka pano palibe timu yaikulu yomwe yamuitanapo. Akuti akamuuza kuti achepetse za mpira azithandiza kudimba, mnyamatayo amayankha kuti goloboyi wa Senegal Edouard Mendy nayenso anali paulova ali ndi zaka 22, koma anadzatenga zikho zikuluzikulu. Bambowa akufunsa ngati nkhaniyi ndi yoona, komanso ngati kuli kwanzeru kumuleka mwanayo kuti apitirize.

Bambo, mwana wanu sakunama, kungoti nkhaniyi amaidumpha pakati, pomwe pakatipo ndi pamene pali yankho la funso lanu lachiwiri.

Mendy anabadwa mu 1992 ku Montivilliers, pafupi ndi mzinda wa Le Havre ku France. Mayi ake ndi a ku Senegal, bambo ake a ku Guinea-Bissau. Kuyambira mu 2011 ankasewera ku Cherbourg, timu ya m'maligi ang'onoang'ono, ndipo kontirakiti yake itatha mu 2014 anadalira ejenti wina yemwe anamulonjeza timu ya ku England. Nthawi yogula osewera itatsala pang'ono kutha, ejentiyo analeka kuyankha foni. Mendy anabwerera kwa makolo ake, anakalembetsa ku ofesi ya boma yothandiza anthu osowa ntchito, ndipo anatsala pang'ono kuyamba ntchito yogulitsa zovala m'sitolo. Zimenezi ndi zomwe anyamata amakonda kufotokoza m'nyumba zoonetsera mpira kuyambira ku Nchalo mpaka ku Nsanje. Chomwe satchula n'chakuti chaka chonsecho munthuyu sanakhale pakhonde kudikira foni. Anapempha timu ya Le Havre, komwe anaphunzirira mpira ali mwana, kuti azichita nawo zokonzekera popanda malipiro, ndipo anatero mpaka mu 2015 pamene Marseille inkafuna goloboyi wongowonjezera chiwerengero. Atamuyesa anamupeza thupi lili m'chimake, choncho anamutenga, ngakhale kuti ankasewera m'timu yachiwiri basi.

Kuchoka apo zinthu zinayenda, koma osati mothamanga. Mu 2016 anapita ku Reims, komwe chaka choyamba anathera nthawi yambiri pabenchi. Chaka chotsatira anakhala goloboyi woyamba, timuyo inatenga ligi yachiwiri ya ku France n'kukwera, moti masewero ake oyamba mu ligi yaikulu ya dzikolo anasewera mu 2018 ali ndi zaka 26. Mu 2019 anapita ku Rennes, yomwe inathera pa nambala 3, ndipo mu September 2020 Chelsea inamugula. Pa 29 May 2021, ku Porto, Chelsea inagonjetsa Manchester City 1-0 n'kutenga chikho cha Champions League, Mendy atasewera masewero 9 a mpikisanowo osamwetsedwa chigoli. Goloboyi woimira dziko la mu Africa yemwe anali atatengapo chikho chimenechi anali Bruce Grobbelaar wa kuno kufupi ku Zimbabwe, ali ku Liverpool mu 1984.

Ku timu ya dziko nakonso sikunali kophweka. Anasankha Senegal ndipo anayamba kuisewerera mu 2018, koma pa mpikisano wa Africa Cup of Nations wa 2019 ku Egypt anathyoka chala mpikisano uli mkati, n'kuonerera anzake akugonja 1-0 ndi Algeria m'ndime yomaliza. Ife Amalawi tinakumana naye pa 18 January 2022 ku Bafoussam m'dziko la Cameroon. Amenewa anali masewero ake oyamba pa mpikisanowo chifukwa awiri oyambirira anali atapezeka ndi Covid-19. Flames inalepherana ndi Senegal 0-0, woyimbira anatipatsa penate kenako n'kuibweza ataonera kanema, ndipo yemwe anasankhidwa kuti wasewera bwino kuposa onse tsiku limenelo sanali Mendy ayi, koma goloboyi wathu Charles Thom. Ndimaona kuti mnyamata wa ku Bangula akanapindula kwambiri kuphunzira masewero amenewo kusiyana ndi a ku Porto, poti pamenepo anaonekera poyera kuti mwana wokulira pa mabwalo athu omwewa angathe kuima pamaso pa Sadio Mané, katswiri womwetsa zigoli wa Senegal, osanjenjemera. Senegal inapitirira mpaka kutenga chikho pa 6 February, itagonjetsa Egypt pa mapenate 4-2, Mendy atagwira penate imodzi, ndipo kanali koyamba kuti dzikolo litenge chikhochi.

Mwana wanu akuuzeninso zomwe zinatsatira. Mu April 2022 Mendy anapereka mpira molakwika kutsogolo kwa golo lake, Karim Benzema wa Real Madrid n'kumwetsa chigoli, ndipo pa World Cup ya ku Qatar chaka chomwecho anadzudzulidwa pa zigoli ziwiri zomwe Netherlands inamwetsa Senegal. Ku Chelsea malo ake anatengedwa ndi Kepa Arrizabalaga. Munthu yemwe FIFA inamusankha kukhala goloboyi wopambana onse wa chaka cha 2021 anabwerera pabenchi, mpaka mu 2023 pamene anapita ku Al-Ahli ya ku Saudi Arabia, komwe mu 2025 anatenga chikho cha matimu a ku Asia.

Tsopano pa funso lanu lachiwiri. Pa nkhani ya zaka, mnyamatayo akunena zoona. Womwetsa zigoli amadalira liwiro, lomwe limayamba kutha msanga, pomwe goloboyi amadalira kudziwa poima, nthawi yotuluka kukalanda mpira wa m'mwamba, ndi kulamula otchinga kumbuyo, zinthu zomwe munthu amazidziwa pokhapokha atamwetsedwa zigoli zambiri. Kuwonjezera apo, pagolo pamaima munthu mmodzi ndipo mphunzitsi sasintha goloboyi chisawawa, choncho wachinyamata amadikira nthawi yaitali. Zaka 21 si kuchedwa.

Pomwe ndikusiyana naye ndi pa kufanizira Bangula ndi Le Havre. Mendy ali paulova ankalandira kangachepe kuchokera ku boma, ankachita zokonzekera pa bwalo la kapinga pamaso pa aphunzitsi a magoloboyi, ndipo anali ndi omudziwa omwe anatha kutchula dzina lake ku Marseille. Kuno kuchigwa chaka chodikira chimatanthauza kudya nsima ya m'dimba lanu, ndipo mabwalo athu ambiri ndi nthaka youma gwa, moti mwezi wa October goloboyi akadziponya kawiri chiuno chimakhala chitanyuka, kenako amazolowera kuopa kugwa. N'chifukwa chake ena amakaphunzirira kudziponya pa mchenga wa m'mitsinje yomwe imauma m'chilimwe. Vuto lalikulu kuposa nthaka ndi lakuti aphunzitsi a matimu a Super League sangatsike mapiri a ku Thabwa kudzaonera mpira wa bonanza. Kuti aonedwe ayenera kulowa timu yolembetsedwa yomwe ikusewera m'ligi ya chigawo cha kummwera, kapena kupita yekha kukayesedwa matimu akamasaka osewera ligi isanayambe. Munthu aliyense wodzitcha ejenti akabwera n'kupempha ndalama kuti amupezere timu, musagulitse mbuzi.

Ndikanakhala inu sindikanamuletsa, komanso sindikanamuchotsa kudimba. Kuno dzuwa limakakamiza kale anthu kulima mbandakucha n'kuweruka lisanafike pamutu, ndipo mpira umayamba madzulo kukazizirako, ndiye ziwirizi sizilimbana. Mugwirizane naye zaka ziwiri zoti apeze timu ya m'ligi. M'kalata yanu simunanene ngati amachita zokonzekera masiku omwe kulibe masewero, kapena amangovala magolovesi Loweruka ndi Lamlungu. Mukandilemberanso mundiuze zimenezo, komanso kutalika kwake, poti Mendy ndi wamtali mamita 1.94 ndipo aphunzitsi amayamba ayang'ana msinkhu asanaponye mpira ndi umodzi womwe.