Mafunso Anu: Kodi malo a pa disiki ndiwagawe bwanji?

Funso: Akonzi, ndili ndi kashopu kolembera makalata ndi kusindikiza zithunzi pa Lizulu. Ndagula laputopu yokhala ndi SSD ya 256 GB ndi RAM ya 8 GB, ndipo ndikufuna kuikamo Windows 11 pamodzi ndi Ubuntu (pulogalamu ina yoyendetsa kompyuta ngati Windows), imene mwana wanga akuphunzirirapo kulemba mapulogalamu. Wokonza makompyuta wina wandiuza kuti Windows ndiipatse 64 GB basi. Kodi akunena zoona?
Wowerenga wa ku Lizulu, Ntcheu

Yankho: Bambo, 64 GB imene mwauzidwayo ndi malo ochepetsetsa amene Microsoft imafuna kuti Windows 11 ilowe m'kompyuta, koma si malo oti mungagwirirepo ntchito chaka chonse mosavutika. Windows imakula mwezi ndi mwezi pamene ikulandira ma update, imasunga mafayilo akuluakulu othandizira RAM, ndipo ikasinthidwa kupita ku mtundu watsopano imasiya wakalewo m'foda ya Windows.old kwa masiku 10. Mukawonjezerapo pulogalamu yolembera ndi ina yokonzera zithunzi, gawo la C:, limene Windows imakhalamo, lidzadzaza miyezi isanapite patali, ndipo ma update adzayamba kukana. Ine ndikanaipatsa 120 GB.

Dziwaninso kuti disiki yolembedwa 256 GB imaoneka ngati 238 GB m'Windows, chifukwa opanga disiki amawerenga ndi 1000 pomwe Windows imawerenga ndi 1024. Palibe amene wakuberani.

Ubuntu siidya malo kwambiri. Eni ake amalangiza 25 GB, koma popeza mwana wanu aziikamo zida zolembera mapulogalamu, muipatse 50 GB, yonse m'gawo limodzi. Malangizo akale oti mudule gawo lapadera la swap (malo a pa disiki othandizira RAM ikadzaza) musawatsatire, pakuti kuyambira mu 2017 Ubuntu imagwiritsa ntchito fayilo m'malo mwa gawo. Kupatula /home (foda imene Ubuntu imasungiramo mafayilo a mwini wake) pa disiki yaing'ono chonchi kumangobweretsa vuto loti mbali ina ikudzaza pamene ina ili pululu.

Malo otsalawo, pafupifupi 65 GB, muwasandutse gawo la NTFS (kasungidwe ka mafayilo ka Windows) losungiramo makalata ndi zithunzi za makasitomala anu. Gawo limeneli ndilo lofunika koposa kwa munthu wa bizinesi ngati inu, chifukwa Windows ndi Ubuntu zonse zimatha kuliwerenga, komanso tsiku limene Windows idzasokonekera mudzaiikanso popanda kukhudza ntchito za anthu. Kuti Ubuntu izitha kulembamo, zimitsani Fast Startup (njira yoyatsira kompyuta msanga) m'Windows. Koma gawoli lili pa disiki yomweyo, choncho disiki ikafa limapita nalo. Zithunzi za ukwati wa munthu muzizikoperanso pa flash kapena pa disiki ina.

Yambani kuika Windows, Ubuntu ibwere pambuyo. Windows idzadzipangira yokha timagawo ting'onoting'ono, kuphatikizapo ka EFI ka 100 MB kapena kuposerapo pang'ono, kamene kamayambitsa kompyuta, ndipo Ubuntu idzagwiritsanso ntchito komweko. Musakafufute ngakhale kakuoneka ngati kopanda ntchito. Pogawa kapena pochepetsa gawo limene lili kale ndi mafayilo, onetsetsani kuti batire ndi lodzaza, chifukwa magetsi akathima ntchitoyi ili pakati mukhoza kutaya zonse zimene zili m'gawolo.